Tsiku Limene Ndinadzitsekera Kunja kwa Switchi

Chaka changa choyamba pa ntchito imeneyi, mayi anga ankaganiza kuti ndimagwira kumotchale koma ndikuwabisira. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuphulitsa malata a nyumba yathu ku Area 23 nthawi isanakwane n'komwe seveni koloko, koma ine m'mawa uliwonse ndinkapinda juzi yaubweya n'kuiika m'chikwama pamodzi ndi masokosi. Ankangondiyang'ana ali pa mashini awo osokera pakhonde. Tsiku lina analephera kupirira.

"Iwe, m'chipinda chozizira chakocho mumasungamo chiyani?"

"Makina, amayi."

"Makina amamva kutentha?"

"Amamva kuposa ife."

Anapukusa mutu n'kupitiriza kupondaponda mashini awo.

Chipindacho chinali ku Kanengo, kuseri kwa nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu. Nyengo yogulitsa fodya, fungo lake linkandiperekeza kuchokera pa siteji mpaka pageti, koma ndikangotseka chitseko chachitsulo, fungo, fumbi ndi phokoso la malole zonse zinkatsala kunja. Munalibe zenera. Munali makabati akuda aataliatali atandandalikidwa m'mizere, ndi mpweya wozizira wotuluka pansi. Makina ankalira mosalekeza ndi liwu limodzi, ngati mvula yomwe ikugwa kutali koma sikufika. Ukakhalamo maola awiri sunkadziwanso ngati kunja kuli dzuwa kapena mitambo. Nthawi zina ndinkaimirira pakati pa mizereyo, timagetsi tobiriwira tikuphethira mbali zonse, n'kuiwala chimene ndinalowera.

Kampani yathu inkasungira makampani ena makompyuta awo akuluakulu. Gawo langa linali maswitchi. Switchi ndi bokosi lachitsulo lafulati, kutsogolo kwake kuli timabowo folote eyiti tolowetsamo mawaya. Kabowo kalikonse timakatcha poti. Poti payokha siidziwa kanthu. Umachita kuiuza pa laputopu kuti ikhale yotsegula kapena yotseka, iziyendetsa uthenga pa liwiro lotani, ndiponso izilola gulu liti la makompyuta. Kasitomala aliyense ali ndi gulu lake ndi nambala yake, kuti uthenga wa uyu usasochere kwa uyo. Pali mapoti ena ochepa amene amanyamula magulu ambirimbiri nthawi imodzi, kuwatulutsa m'chipindamo kupita kunja. Amenewo timawagwira mtima uli m'mwamba.

Amene anandiphunzitsa zonsezi anali bambo ena achikulire a ku Mangochi, amene ankakhala ku Chinsapo. Onse pantchito ankangowaitana kuti Madala. Anayamba kalekale ndi ntchito yokwera mapolo a mawaya a telefoni, ndipo m'manja mwawo munali molimba ngati chikopa cha ng'oma. Ankavala kofiya yoyera ndi jekete labulauni lomwe silinkachoka m'thupi. Switchi imalola kuti ulembe mawu pa poti iliyonse ofotokoza kumene waya wake ukupita, koma iwo sankalemba. Zonse zinali m'mutu. Ukawafunsa za poti naini pa switchi yachitatu, ankatsinzina pang'ono n'kukuuza kasitomala wake, mtundu wa waya wake, ndi munthu amene anaukoka wayawo, mwina munthu woti anamwalira kale.

Tikalowa m'chipinda chija ankaima kumbuyo kwanga.

"Lowetsani inuyo, chemwali. Twente wani. Mwaipeza? Werengani mokweza ndimve."

Ndinkawerenga, n'kulowetsa waya mpaka ulire kuti tha. Ndinkati m'mene amaphunzitsira ndi momwemo.

Tsikulo linali Lachisanu, mu Januwale. Ndinali ku ofesi yathu ya m'tauni, kumene tinkatha kulowa m'maswitchi a ku Kanengo tili pampando. Tinali titapeza kasitomala watsopano, kampani yogulitsa mbewu, ndipo chotsala chinali kuwonjezera nambala ya gulu lawo pa poti yaikulu, ya folote eyiti. Madala anaimirira itangodutsa thwelofu koloko kuti azipita ku mzikiti.

"Mudikire ndibwere, tichitire limodzi," anatero akukonza kofiya.

Koma ndinali nditaonera ntchito imeneyi kambirimbiri. Unali mzere umodzi wokha. Ndinkafuna kuti pobwera apeze zatheka, andiyang'ane mwa njira ija ankandiyang'anira ndikachita bwino, osanena kanthu, kungogwedeza mutu kamodzi.

Ndinalemba mzerewo n'kudina. Mu mzere umenewu muli liwu limodzi lachingerezi, la zilembo zitatu, lotanthauza kuwonjezera. Ukaliika, switchi imawonjezera gulu latsopano pa omwe alipo kale. Ukaliiwala, imamva kuti ufafanize onse, patsale latsopanolo lokha. Ine ndinaliiwala.

Sikirini inangoima. Ndinadinanso, osayankha. Ndinadziwa nthawi yomweyo. Gulu limene ifeyo a mu ofesi tinkadutsira polowa m'switchimo linali limodzi mwa omwe ndinafafaniza. Ndinali nditatsekera kunja makasitomala onse, ndi ine ndemwe. Panalibenso njira yokonzera ndili pampando. Kunali kupita ku Kanengo, kukalumikiza laputopu ku switchiyo ndi waya wapadera wabuluu.

Mafoni anayamba kulira, yoyamba ya patebulo la alendo, kenako ina, kenako onse. Galimoto ya kampani inali itapita ndi abwana ku msonkhano. Foni ya Madala inali yothima, monga mwa Lachisanu lililonse. Ndinatenga laputopu ndi waya wabuluu uja, n'kuuza mayi wa patebulo la alendo kuti aziwauza makasitomala kuti tikukonza.

Minibasi ikanadikira kudzaza, choncho ndinakwera njinga yamoto. Tisanafike patali mvula inayamba. Wanjingayo anaima pa kagolosale, ndinapempha majumbo awiri n'kukulunga laputopu, n'kuibisa m'kati mwa bulauzi.

"Tiyambe tausa kaye, asisi?"

"Ayi, tiyeni."

Ulendo umenewo ndimaukumbukira ngati maloto. Mantha anali atafika poti sindinkawamvanso. Mvula inkandimenya kumaso ndipo ndinkaona zinthu mwa apo ndi apo: chimanga chobiriwira m'mphepete mwa msewu chikuweramira mbali imodzi, amayi atafunda chitenje chimodzi awiri, mbuzi itaima pansi pa lole. Ndinkaganiza za anthu amene sindinawaonepo, atakhala kutsogolo kwa makompyuta awo m'maofesi osiyanasiyana mumzindawu, onse akudina, onse akudikira, osadziwa kuti akudikira mtsikana wa ku Area 23 amene ali pa njinga, nsapato zitadzaza madzi. Ndinakumbukanso tili ana ku Kawale, tsiku limene ndinakhoma loko makiyi ali m'nyumba, ndipo tinakhala pakhonde ndi mayi mpaka dzuwa kupendeka, iwo osandikalipira, akungondimasula tsitsi n'kumandilukanso. Sindikudziwa chifukwa chake zimenezo zinandibwerera pamenepo. Utsi wa makala unkatuluka m'madenga a ku Mgona n'kumakwawa pansi chifukwa cha mvula.

Mlonda wa pageti ananditsegulira osafunsa kanthu. Ndinalowa m'chipinda chija madzi akuchucha, juzi nditaiiwala pampando ku ofesi. Timagetsi tinkayakabe, koma tambiri tinali titasiya kuphethira kwake kwa masiku onse, tikungoyang'ana. Ndinagwada pansi, ndinalumikiza waya wabuluu, ndipo switchi inandiyankha. Ndinalakwitsa mawu achinsinsi kawiri. Mwamwayi ndinali ndisanasunge zosintha zija, ndiye mndandanda wakale wa magulu unali ukadalipo m'chikumbumtima cha switchiyo. Ndinaukopera, ndinauwerenga katatu ndi chala pa sikirini, n'kuubwezera pa poti folote eyiti. Kenako ndinawonjezera gulu la a mbewu aja, liwu lija ndikulitchula mokweza.

Timagetsi tinayambiranso, kamodzikamodzi, kenako tonse pamodzi.

Ndinaimbira ku ofesi, anati mafoni ayamba kuchepa. Ndinakhala pansi. Ndinatsamira kabati, laputopu ili pamiyendo, ndikumvera kulira kwa makina. Ndiyenera kuti ndinasinza, chifukwa ndinaona ngati madzi akuyenda pansi pa makabati, oyera bwino, ndipo ine ndikuyandama pang'onopang'ono pakati pa mizere, osaopa chilichonse.

Ndinadzidzimuka chinthu cholemera chikundigwera pamapewa. Linali jekete labulauni, lonunkhira mafuta onunkhira a ku mzikiti. Madala anakhala pansi pafupi nane, mawondo akulira.

"Mwabwezera?"

"Ndabwezera, Abambo. Pepani. Munandiuza kuti ndidikire."

"Ndinakuuzanidi. Liwu lija?"

"Lomwelo."

"Aliyense wa ntchito ino limamuluma kamodzi. Ine linandiluma ndili ndi imvi kale. Abwana akulemberani kalata ya chenjezo, musakatsutse, mukangosaina. Koma mwabwera nokha pamvula, simunadikire kuti wina adzakukonzereni. Zimenezo ndikawauza."

Kenako analoza switchi imene inali patsogolo pathu.

"Chemwali, pamwamba pa waya wachikasuwo palembedwa nambala yanji?"

"Sate thuu."

"Ine ndikuonapo utsi basi. Chaka chino n'chachiwiri. Ndimayamba kumapeto n'kumawerenga timabowo ndi chala. Pa laputopu ndimakuza zilembo mukatuluka." Anaseka pang'ono. "Munkayesa ndimakuuzani kuti muziwerenga mokweza chifukwa ndine mphunzitsi wabwino?"

Ndinkangoona m'maso mwawo, mmene munali kamtambo kotuwa komwe ndinali ndisanakaonepo chifukwa sindinkawayang'ana kumaso nthawi yaitali.

"Lero ndili pa mkeka wopempherera ndimaganiza," anapitiriza, "kuti mmene zilili m'mutu mwangamu, tsiku lina ndidzapita nazo kunyumba osabwera nazo. Kuyambira Lolemba tiyambe kulemba."

Kalata ija anandilemberadi, ndipo ndinasaina. Za maso awo sindinauze munthu. Kwa miyezi itatu, masana aliwonse tikapeza mpata, tinkalowa m'chipinda chozizira chija. Iwo ankakhala pa kampando kapulasitiki atatsinzina, manja ali m'matumba a jekete, n'kumatchula poti iliyonse ndi kumene ikupita, ine ndikulemba pa switchi. Nthawi zina ankasochera n'kuyamba kundiuza za mapolo a telefoni a m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, mmene waya unkaimbira mphepo ikawomba uli pamwamba, kapena za njuchi zomwe anazipeza m'bokosi la mawaya. Ndinkawasiya alankhule. Mapoti atatu okha ndi amene anawaiwala. Amenewo tinatsatira mawaya ake ndi manja, kukwawa pansi, ndipo awiri tinapeza kuti sankapita kulikonse. Tinawatseka.

Titamaliza switchi yomaliza, anapita okha kwa abwana kukanena za maso awo. Anapuma pa ntchito dzinja litatha.

Patapita miyezi ingapo ndinamva kuti anawachita opaleshoni diso limodzi. Ndinapita kukawaona Loweruka lina masana, nditanyamula shuga ndi buledi. Nyumba yawo ku Chinsapo inali ya njerwa zootcha, ndi mtengo wa mapeyala pabwalo. Akazi awo anandilandira n'kundiyalira mkeka pamthunzi. Madala anatuluka atavala magalasi akuda. Anakhala pampando, anawavula pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lakumanja.

"Kani muli ndi mpata kumano," anatero.

"Chibadwire, Abambo."

"Chaka chonse ndagwira nanu ntchito osadziwa."

Tinamwa tiyi. Anafunsa za switchi yachitatu, ndinawauza kuti anaichotsa n'kuikapo yatsopano, yothamanga kwambiri, ndipo kusamutsako kunatenga m'mawa umodzi wokha chifukwa poti iliyonse inali yolembedwa. Anangoti zili bwino, n'kuyamba kundifunsa za mayi anga.

Pobwerera anaumirira kundiperekeza ku siteji, ngakhale akazi awo ankati dokotala analetsa fumbi. Tinkayenda pang'onopang'ono, iwo akuima pa shopu iliyonse n'kumawerenga mokweza zolembedwa pakhoma: pometera tsitsi, pogulitsira makala, powotcherera zitsulo, ngakhale chikwangwani choletsa kutaya zinyalala. Pa chigayo anapeza kuti wolemba anasiya chilembo chimodzi, ndipo anaitana mwini wake kuti amuonetse. Minibasi ziwiri zinandidutsa tikadali pomwepo.