Kamtondo ka a Nyirenda

Ku Wusakile, amene anaonapo a Hector Nyirenda ali ndi ndevu anaona loto. Ine ndakhala nawo moyandikana kuyambira tonse tikulowa pansi mumgodi, ndipo ngakhale tsiku lomwe tinaika akazi awo, bamboyu anayamba wameta kaye. Makolo awo anachokera ku Malawi, atate awo anali kalaliki wa pamgodi, ndipo ndiwo anawasiyira mwambowu: madzi ofunda, sopo m'kapu yadothi, burashi yaubweya, lezala. Makina a kubabashopu ankati ndi ometera nkhosa. Kuuma mutu kwawo kumanditopetsa, koma ndimawakonda.

Chaka chatha sitiroko inawagwira mbali yamanzere. Miyendo inabwerera, pakamwa panawongoka, koma dzanja linatsala lolefuka. M'mawa wina kapu ija inawapulumuka n'kusweka, iwo n'kuponda phale. Mwana wawo Conrad, amene amagwira ntchito muofesi m'tauni, anapeza magazi pakhonde.

"Adadi, manje yakwana," anatero Conrad. "Mubwere tizinkhala tonse ku Parklands. Nyumba ino tiikemo anthu."

"Munthu wodzimeta yekha sasungidwa," anayankha a Nyirenda.

"Chabwino. Pa Saturday nizabwera. Mukameta mweka bwinobwino, nizakusiyani. Mukakangiwa, mukwera motoka."

Anagwirizana choncho ine ndili pomwepo, kuti akameta okha atsala, akalephera apita, ndipo mtima wanga unagwa. Nyumba imeneyo ndi moyo wawo wonse. Ku Parklands, kuseri kwa mpanda ndi geti, akanangokhala ngati mpando.

Vuto silinali lezala, chifukwa dzanja lamanja linali lamoyo. Vuto linali chopangiramo thovu. Burashi imafuna kutakasa mwamphamvu, ndipo chiwiyacho chimafuna dzanja lina lochigwira. Tinakwera minibasi kupita kumsika wa ku Buchi, burashi ili m'thumba la jekete lawo.

Sindinaonepo munthu wovutitsa amalonda chotero. Chiwiya chilichonse ankachiika pabenchi, kutulutsa burashi youma, n'kuyamba kutakasa ndi dzanja limodzi. Kapu yachitsulo inathawa n'kugwera pansi. Bakuli lapulasitiki linkazungulira limodzi ndi burashi. Mbale yadothi inali yolemera ndithu, koma m'kati munali moterera, akuti thovu silingadzuke. Kapu ina ya chogwirira chachikulu anayesa kukolamo chala cha dzanja lodwala lija, chala n'kupulumuka. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo, ndipo ndinayang'ana kumbali kuti asaone kuti ndaona.

"Achimwene, tiyeni. Ine ndizikugwirirani kapu," ndinatero.

"Ndiye kuti wandimeta ndiwe, Jameson."

Pamapeto pa mzere, mayi wina ankagulitsa zipande ndi mithiko. Pakati pake panali kamtondo kakang'ono kamtengo, kokhuthala pansi, kosinjiramo tsabola. A Nyirenda anakakhazika pabenchi n'kutakasa. Sikanasunthe. Analowetsa chala n'kupeza m'kati mokhakhala, momwe sopo angagwire.

"Shikulu, ako kabende ka mpilipili," anatero mayiyo m'Chibemba, kuwachenjeza kuti n'ka tsabola.

"Musi wake mutsale nawo, mayi," anayankha. "Ine ndikufuna mtondo wokha."

Loweruka m'mawa Conrad anaimika galimoto pageti, buti ali atatsegula kale. Zimenezo zinandipsetsa mtima. A Nyirenda anakhala pakhonde, galasi litatsamira zenera. Anathira madzi ofunda m'kamtondo kuti katenthe, kuwataya, kuikamo sopo, n'kutakasa. Thovu linadzuka lokhuthala ngati phala. Tsaya lamanja anameta mosalala, kenako chibwano.

Kenako anafika kumanzere. Tsaya limenelo silimva kanthu, ndipo panalibe dzanja lokoka khungu. Lezala inatsika pang'onopang'ono. Pansi pa khutu, pomwe galasi silionetsa, thovu linayamba kufiira. Magazi anatsetsereka kulowera kukolala, iwo osadziwa, akungopitiriza ndi nkhope ya munthu amene wapambana.

Ndinayang'ana Conrad. Anali ataona. Mawu amodzi okha akanakwana, ndipo akanakhala kuti sanalakwe. Anaima pamenepo makiyi a galimoto ali m'manja mwake, mpaka atate ake anaika lezala pansi.

Kenako Conrad anatola thaulo n'kulikanikiza pansi pa khutu paja.

"Pasala thovu apa, adadi," anatero.

Analigwira nthawi yaitali kuposa momwe thovu limafunira. Atalichotsa analipinda msanga, koma a Nyirenda anatambasula dzanja n'kulilanda. Analifunyulula, kuyang'ana banga lofiira, kenako kuyang'ana mwana wawo. Ndinaona mantha m'maso mwa bambo amene sindinamuonepo akuopa ngakhale pansi pa nthaka.

"Ndiye ndikwere galimoto?" anafunsa motsitsa.

"Mwameta mweka," anatero Conrad, n'kupita kukatseka buti.

A Nyirenda akadali ku Wusakile. Conrad anagula burashi yake, akuti nayenso makina amutopetsa, ndipo masiku ometa amadzera kuno asanapite kuntchito. Amagawana thovu la m'kamtondo ndi galasi limodzi. Nthawi zonse iye amakhala kumanzere kwa atate ake.