A Nedson ndi Salimo Lothera mu Mdima

A Nedson Kamvazaana ankasoka nsapato pakhonde la golosale ina ku Biwi. Ali mnyamata anaphunzira zaka ziwiri kusukulu ya ubusa, koma anasiya bambo awo atamwalira kuti alere azing'ono awo. Chimene anatsala nacho ndi kope lodzaza ndi zolemba za Masalimo.

Ku mapemphero a mlaga Lachitatu, iwo ankaphunzitsa kuti si masalimo onse analembedwa ndi Davide. Ena anaimbidwa ndi Ayuda ali mu ukapolo ku Babulo, kachisi wawo atagwetsedwa. Ena ankaimbidwa panjira, anthu akukwera ku Yerusalemu kukachita chikondwerero. Ankaonetsanso mmene mzere wachiwiri umabwerezera woyamba m'mawu ena, monga amayi pa siwa, wina kuyambitsa ena kuvomera.

Kolera itavuta mu 2023, Mayi Olipa, wogulitsa tomato wa mumpingo mwawo, anataya ana awiri sabata imodzi. Pamaliro achiwiri akulu a mpingo anapempha a Nedson kuti alalikire, ndipo iwo anasankha Salimo 88. Anafotokoza kuti ndi dandaulo la woimba wa m'kachisi, wovutika kuyambira ubwana, amene abwenzi ake anamuthawa, ndipo kuti silitha ndi chitonthozo monga ena, limangothera mu mdima. Ayuda akale sanalichotse m'nyimbo zawo, anatero, chifukwa ankadziwa kuti masiku otere amafika.

Akulu a mpingo sanakondwe. Anati a Nedson anaonjezera chisoni pa namfedwa, ndipo anawaletsa kulalikira. A Nedson sanatsutse, koma kunyumba anakhala masiku angapo akudzifunsa ngati anampwetekadi mayiyo.

Patapita mwezi Mayi Olipa anafika pakhonde paja chimanjamanja, nakhala pansi.

"Abambo, ndiwerengereninso salimo lija. Ena onse akungondiuza kuti ndisiye kulira."

A Nedson anaika pansi sulo, chitsulo chosokera nsapato, nawerenga pang'onopang'ono, mayiyo akulira, odzatenga nsapato akudikira chapatali. Kuyambira tsiku limenelo Mayi Olipa ankabwera Lachisanu lililonse.

Chaka chotsatira matenda a shuga anawononga maso a Nedson, mpaka analephera kulowetsa ulusi. Mwana wawo Amos anawatengera kumudzi ku Dowa, komwe a Nedson anamwalira mvula isanayambe. Uthenga unafika mochedwa ku Biwi. Mayi Olipa anaumva ali pamsika, maliro ataikidwa kale dzana lake.