Mayi Mafupa pa Benchi

Ku sukulu ya madokotala kuja, ukafunsa dzina lenileni la Mayi Mafupa, anthu amangoyang'anana. Akhala akuphunzitsa za thupi la munthu kwa zaka khumi ndi zisanu, ndipo dzinali linachokera ku chigoba cha pulasitiki chomwe chimaima kuseri kwa chitseko cha ofesi yawo, chimene amakolekapo jekete. Ndi mwana wa telala. Mpaka lero wophunzira akasoka chilonda mokhotakhota amamuuza kuti, "Mwanawe, bambo anga akanakusomoletsa zonsezi."

Amuna amene analowa nawo ntchito chaka chimodzi anakwezedwa kalekale. Wina wadazi, amene ankakomoka akaona magazi, pano ndi pulofesa ndipo ali ndi poimika galimoto pakepake. Mayi Mafupa anatsala pampando womwewo wothyoka mkono.

Chomvetsa mutu n'chakuti chimene chinawatsekereza chinali chinthu chabwino. Amayi ophunzitsa pasukulupo ali ndi bungwe lawo lothandizana, ndipo bungwelo linalimbana ndi akuluakulu mpaka panakhazikitsidwa lamulo lakuti komiti iliyonse isagamule kanthu popanda mayi. Tsikulo Mayi Mafupa anaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Panalibe amene anakumbuka kuti m'dipatimenti yawo mayi analipo yekha. Chaka chisanathe anali m'makomiti khumi ndi awiri: ya mayeso, ya laibulale, ya zimbudzi, ngakhale yosankha makatani. Analinso m'komiti yokweza anthu pantchito.

Kafukufuku wawo ankamulemba mobera, pa nthawi ya nkhomaliro ndi Loweruka. Zolemba zisanu ndi chimodzi zitasindikizidwa, anapereka fayilo yopempha kukwezedwa.

Wapampando wa komitiyo ndi bambo wina wolankhula mofatsa, amene anthu amangomutchula kuti a Ndondomeko. Fayilo itafika patebulo anakonza magalasi.

"Mayi, munthu sakhalapo pokamba za iye mwini. Tatulukani pang'ono."

Anatuluka n'kukhala pa benchi, pafupi ndi chozimira moto. Mphindi zisanu zisanathe chitseko chinatseguka.

"Mayi, pali kavuto. Inu mutatuluka, m'komiti mulibe mayi. Sitingagamule."

"Ndiye ndilowe?"

"Mukalowa sitingakambe za inu."

"Nanga titani, abwana?"

"Yanuyi tiisunge kaye. Lowani, tithandize anzathu enawa."

Analowa, n'kukweza dzanja katatu, amuna atatu n'kukwezedwa.

Komitiyo imakumana kamodzi pachaka, ndipo zimenezi zinachitika zaka zitatu zotsatana. Chaka chachitatu a Ndondomeko anachita kuwaikira kapilo pa benchipo. Kunyumba, amuna awo, omwe ndi makaniko, anamvetsera nkhaniyo akutsuka girisi m'manja.

"Mayi a ana, kodi kumeneko anakulembani udokotala kapena uchitseko? Kulowa, kutuluka, kulowa."

"Sekani. Mawa muphika nokha."

Njira inalipo. Mayi wa dipatimenti ina akanatha kudzakhala m'malo mwawo, koma pafunika kalata yosainidwa ndi mtsogoleri wa bungwe la amayi. Mtsogoleriyo ndi Mayi Ndege, munthu wokoma mtima, kungoti nthawi zonse amakhala ali paulendo wopita ku msonkhano wokweza amayi. Mauthenga atatu, mayankho atatu ofanana: "Ndili pabwalo la ndege, mchemwali wanga. Limbani mtima!"

Ndiye kunabwera chikondwerero cha bungwe cha pachaka. M'holo munali mabaluni, chikwangwani chachikulu, ndi matisheti a saizi imodzi, yomwe sinakwane aliyense woti anaberekapo. Mlendo wolemekezeka anali a Ndondomeko omwewo. Analankhula mphindi makumi anayi za momwe mayi awo omwalira analili olimba mtima, mpaka kupukuta diso ndi hanki. Mayi Mafupa anakankhira kutali kambale ka keke.

Nthawi ya mafunso itakwana anaimirira, tisheti itawamanga m'khwapa, n'kufotokoza zonse, kuyambira chozimira moto mpaka kapilo. Anthu anayamba ndi kuseka. Kenako kuseka kunazirala. A Ndondomeko anayamba kuwerenga zolembedwa pa botolo la madzi.

"Zachisoni zedi," anatero Mayi Ndege pa maikolofoni. "Tikhazikitsa kakomiti kofufuza."

"M'kakomitiko mufunanso mayi?" anafunsa Mayi Mafupa.

Kumbuyo kwenikweni kunali mayi wina wamfupi, dokotala woyeza mitembo, amene pa misonkhano yonse sanamvekepo mawu. Anthu sakonda kukhala naye pafupi pa nthawi ya chakudya.

"Komiti yokweza anthuyo imakumana lachingati?" anafunsa osaimirira.

"Lachinayi likubwerali, naini koloko."

"Odwala anga sathamangira kulikonse. Ndibwera."

Woyeza mitemboyo anang'amba tsamba lakumbuyo la pulogalamu, n'kulembapo kalata ija m'mizere itatu atatsamiza pabondo, n'kuyenda mpaka kutsogolo. Analiika pamaso pa Mayi Ndege, wojambula zithunzi ali pomwepo.

"Sainani, achemwali, ndege isananyamuke."

Mayi Ndege anasaina akumwetulira kamera. Apo dokotala wa mano anakweza dzanja mwamanyazi, akuti nayenso watha zaka ziwiri pa benchi ya kwawo. Wa mankhwala naye anakweza. Aliyense ankaganiza kuti tsokalo n'lake yekha. Masamba a pulogalamu anang'ambidwa asanu, ndipo Mayi Mafupa analonjeza kukakhalira wa mano Lachisanu.

Lachinayi anatuluka okha asanauzidwe. Ali pa benchi ankamva mawu a woyeza mitembo m'katimo, akuwerenga mitu ya zolemba imodziimodzi, mosathamanga, ngati akulemba lipoti la womwalira. Panapita mphindi khumi ndi ziwiri. A Ndondomeko anatuluka atatambasula manja onse awiri, n'kugwira dzanja lawo mwamphamvu, osalisiya msanga.

"Mwakwezedwa, mayi! Fayilo yanu inali yokwana kuyambira kalekale. Ife timangodabwa kuti mukuchedwa pati."

Mayi Mafupa anayang'ana dzanja lawolo, n'kuyang'ana bamboyo. Anati zikomo, poti analeredwa bwino. Kenako analowa m'chipinda chosambira m'manja, n'kutsegula mpopi ndi chigongono, n'kusamba ndi sopo mpaka m'zigongono momwe amaphunzitsira ana opita kukachita opaleshoni.