Ulusi wakuda utandisowa pansalu

Chizindikiro choyamba chinali ulusi wakuda. Ndine telala, ndimasokera pakhonde la golosale pa Thambani, ndipo makina anga ndinabwera nawo pamutu kuchokera ku Mozambiki pothawa nkhondo. Chaka china, nyengo ya manachesi, ndinaona kuti ulusi wakuda ukagona pansalu yakuda ukundisowa. Diso silinkapweteka, manthongo kunalibe. Kungoti zinthu zinkaoneka ngati zili mu utsi wa makala, makamaka diso lakumanja.

Ine ndinati vuto ndi khonde, lachita mdima. Ndinakokera makina padzuwa. Ha! Pamenepo ndiye zinanyanya. Nsalu yoyera inkandithobwa m'maso mpaka misozi, yakuda osaoneka chimodzimodzi. Ndinagula magalasi a pamsika, kenako ena okhuthala kuposa oyambawo, koma ayi ndithu.

Pofika dzinja, bowo la singano linali litatayika. Akazi anga, a Nambewe, ankandiperekeza m'mawa ngati akupita kumsika, n'kundilowetsera ulusi mwakachetechete. Ulusiwo ukaduka masana ndinkayamba kuthira mafuta m'makina, kupukuta apa, kupukuta apo, kudikira kuti iwo abwere ndi chakudya. Makina amenewo anamwa mafuta chaka chimenecho, si masewera.

Zinaululika pa masiketi a amayi a mpingo. Anabweretsa nsalu yakuda, ine n'kuisoka yonse ndi ulusi wobiriwira, mizere yake yokhotakhota. Sanandikalipire. Anangonyamula masiketi awo kupita nawo kwa telala wina, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kutukwanidwa. Mwana wanga Zuze atamva anati, “Bambo, mwakula. Makinawa tigulitse, muzikhala pakhomo.” Ndinamuyankha kuti makina amene anadutsa nane malire satuluka m'nyumba ine ndili moyo. Koma mumtima ndinali ndi mantha, chifukwa Zuze anali atapeza kale wogula.

Kuchipatala ndinkakuopa. Kwathu anthu amanena kuti madokotala amakolowola diso n'kulitsuka m'mbale, mwinanso n'kukuikira la mbuzi. A Nambewe anati, “Ngakhale la mbuzilo, bola muziona singano.” Ndinaseka, kenako ndinavomera. Pachipatala chaching'ono cha kwathu anatitumiza ku boma, ndipo tinakwera matola m'mamawa. Tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Nesi ananditseka diso limodzi, n'kundifunsa zala zimene waimika. Ndinkangoona mthunzi wa dzanja. Atandiunika ndi katochi anati ndi ng'ala.

Ndinamufotokozera za padzuwa paja. Iye anati, “Agogo, diso siliunika ngati tochi, limangolandira. Kuwala kumagunda nsalu, n'kubwerera, n'kulowa m'diso mwanu. Nsalu yakuda imabweza kuwala kochepa, ng'ala n'kutchinganso kochepa komweko. Yoyera imabweza kwambiri, ndiye kukafika pa ng'ala kumamwazika, n'chifukwa chake imakuthobwani. Khonde lanu lilibe mlandu.” Anati diso salichotsa. Amachotsa kagalasi ka m'kati kamene kachita mbuu, n'kuikapo kena koyera.

Madokotala a maso ankachokera ku Blantyre, choncho tinabwerera kumudzi kukadikira. Zuze ndinamuuza kuti wogula wakeyo adikirenso. Nthawi itakwana anandigoneka m'chipatala cha ku boma, anandiyeza magazi ndi shuga, m'mawa mwake tinandandalikana pakhonde, nkhalamba zokhazokha, aliyense atagwira phewa la mnzake. Anandibaya jakisoni pafupi ndi diso n'kundifunditsa nsalu kumaso. Ndinali maso, ndinkamva akuyankhulana, koma ululu sindinaumve.

Tsiku lotsatira anamatula bandeji. Abale inu! Choyamba kuona chinali chitenje cha a Nambewe. Ine ndinkati n'chofiirira, koma chinali ndi maluwa achikasu. Chachiwiri chinali imvi zawo, zimene sindinkadziwa kuti zachuluka chonchi. Misozi inatsika, nesi n'kundiletsa kupukuta.

Anandipatsa mankhwala odonthezera, anandiletsa utsi, fumbi ndi kunyamula zolemera, ndipo ndinamvera zonse ngakhale kukhala chabe kunkandisowetsa mtendere. Atandiloleza kugwira ntchito, ndinabwezera makina pamthunzi paja. A Nambewe anatambasula dzanja kuti alowetse ulusi monga mwa masiku onse. Ndinati, “Tasiyani kaye.” Ndinanyowetsa nsonga yake, ulusi wakuda, n'kuulowetsa Zuze akuonerera. Za wogula sanazitchulenso.

Lero ndili bwino. Diso lamanzere analikonzanso chaka chotsatira, ndipo udzu sindinayambe kuulakalaka ngati mbuzi. Amayi a mpingo aja anabweranso ndi nsalu yawo. Inu amene mukuona utsi pamene anzanu sakuuona, musalimbane ndi khonde kapena nyale, musadikire kuti akugwireni dzanja. Pitani msanga akakuunikeni. Ine ndikanachedwa pang'ono, bwenzi makina amene ndinathawa nawo zipolopolo akusokera munthu wina.