Thobwa la pa Dima

Ndinamwa kachasu zaka khumi ndi ziwiri. Sindinyadira. Ndinali mkamwini kwa Kadewere, ndikulima munda wa kwawo kwa mkazi wanga. Tsiku lina ndinagwa ndi njinga panjira ya ku Mbulumbuzi dzuwa lili paliwombo. Thumba la nandolo linaphulika, mbuzi za eni n'kumadya ine ndili chigonere. Anandidzutsa ndi amayi ochokera kuchigayo.

M'mawa mwake amalume a mkazi wanga, eni mbumba, anandiloza chala.

"Akamwini, mukadzaledzeranso kamodzi kokha, mudzatenge khasu lanu ndi bulangete muzipita kwanu. Ana ndi athu."

Ana anali atatu. Amalumewo sankanama.

Ndinayesa kusiya ndekha. Manja ankanjenjemera, tiyi kutayikira pamwendo. Namwino wina anandiuza kuti kutchalitchi china kumakumana gulu lothandiza zidakwa Lachitatu. Ndinapita. Ndinapeza amayi odzaza mabenchi ndi mkulu wampingo amene mowa sanaulawepo ndi dontho lomwe. Anandiimika kutsogolo. Anandiimbira nyimbo. Kenako mkuluyo anati ndiulule zonse mokweza, apongozi anga aakazi ali pabenchi lachiwiri. Apongozi amene ndimawapatukira panjira, ndiwauze mmene ndinkadzikodzera? Ndinatuluka. Mpaka lero ndikakumbuka ndimapsa mtima.

Pobwerera ndinaima pamsika wa Mbulumbuzi kwa wokonza njinga, Myao, Msilamu, kuti andiwongolere gudumu lomwe linapindika nditagwa paja. Iye sanayang'ane gudumu. Anayang'ana manja anga.

"Masiku angati, achimwene?"

"A chiyani?"

"Musandipusitse. Anga ankanjenjemera chomwecho. Ndinkamwa mobisa, n'kutafuna masamba a bulugama popita kumzikiti. Mubwere Loweruka masana. Mubwere ndi njinga, ngakhale ikhale yabwino."

Loweruka ndinapeza anthu atatu kuseri kwa shedi yake: iyeyo, mphunzitsi wochotsedwa ntchito, ndi bambo wina wamkulu thupi amene anagwirako kumigodi ku Joni. Njinga zonse anazigadamitsa, aliyense sipanala m'manja. Masiku amenewo amuna anayi akakhala pamodzi popanda mowa pakati, wina ankathamanga kukanena kuti akupangana zandale. Akakhala pa mowa, palibe wofunsa. Dziko lake linali limenelo.

Panalibe nyimbo. Panalibe wolalikira. Aliyense ankanena masiku amene wakhala osamwa, ndi pamene akuopa kugwa sabata imeneyo. Basi.

Sabata yachisanu ndi chiwiri ndinanena panga: dima. Mvula inali pafupi, ndipo amalume aja anaitana anthu kudzawalimira mizere. Malipiro a dima ndi mowa. Apongozi anali atayamba kale kufulula masese. Chipanda choyamba chimapita kwa mkamwini amene watsogolera makasu, ndipo kuchikana n'kunyoza eni munda. Ndinali nditawadandaulira amalumewo. Anandiyankha kuti masese si mowa, ndi chakudya. Munthu yemwe uja anandiloza chala!

Wokonza njinga anaseka.

"Kawauzeni kuti kubwera Msilamu ndi khasu lake."

Ndinamva. Kwathu kuno pa dima pakakhala Msilamu, amamupatulira thobwa. Ndi ulemu wakale. Ngakhale amalumewo sakanaukana.

Anabwera onse atatu. Mphunzitsi analima mizere yokhota ngati njoka, anthu n'kumamuseka. Masana tinakhala pansi pa mtengo wamango. Ine ndinakakhala kumbali, pa ndowa ya thobwa, pakati pa anzangawo. Amalume ananyamula okha chipanda n'kudzaima patsogolo panga.

"Akamwini, landirani."

"Ndikumwa thobwa, amalume."

"Chisilamu mwalowa liti? Kapena akudulani kale kusimba, ife osamva?"

Anthu anafa nacho chiseko. Fungo la masese linandilowa m'mphuno mpaka kukhosi. Sindinama, dzanja langa linayamba kunyamuka lokha. Wa ku Joni uja anandiponda chala ndi jombo yake yakumigodi. Chikhadabo chinachoka patapita masiku atatu.

Ndinaimirira. Sindine wolankhula, koma tsiku limenelo ndinalankhula.

"Munanena nokha kuti ndikaledzera ndizipita. Lero mukundipatsa nokha. Mukufuna ndizilima kapena ndizipita? Nenani pompano anthu akumva."

Amalume anayang'ana uku ndi uku, palibe anawathandiza. Mkazi wanga anachoka pakati pa amayi, anadutsa pamaso pa amalume ake, anagwada, n'kundithirira thobwa lina m'kapu. Amalume anamwa okha chipanda chawo.

Sanandilankhule mpaka titakolola. Pamaliro ankanditcha shehe. Koma sanandithamangitse, chifukwa chondithamangitsira analibe. Ana anga ndinawalera ine mwini, pamudzi pomwepo.

Chimene chimandiwawabe n'chakuti mudzi wonse unkanditukwana ndikamwa, mudzi womwewo n'kundiseka nditakana. Ondigwira dzanja anali anthu atatu obisala kuseri kwa njinga zosawonongeka.

Loweruka lotsatira ndinakwera yanga, yabwinobwino, mpaka ku Mbulumbuzi. Ndinaigadamitsa. Ndinakhala pansi, chala chili chomanga ndi nsanza.

"Masiku angati, achimwene?"

"Makumi asanu ndi asanu ndi anayi."

"Gwirani sipanala," anatero wokonza njinga uja. "Kukubwera anthu."