Thabwa la Bambo Linasanduka Mtanda

Lachisanu, mwezi wa Novembala, 1976. Ndinadzuka kusanache, ndili pa kapeti pakati pa amayi a mpingo amene anaimba mpaka mawu kusasa. Mipando yonse inali itatulutsidwa pabalaza monga zimakhalira pa siwa. Chimene chinandidzutsa chinali phokoso la sowo pansi pa nyumba.

Kumudzi amuna amachezera panja pamoto. Kuno ku Etobicoke, kutsidya kwa nyanja, kuzizira sikukanalola, ndiye anawatsitsira m'chipinda cha pansi, mmene bambo anga ankagwiriramo ntchito zamanja akaweruka kuchipatala. Patebulo pawo panali zitsulo ziwiri za mfuti zakale za asilikali, zija za pakati zokhala ndi kachigwiriro kokoka polowetsa chipolopolo. China chinali cha Ajeremani, china cha Angerezi. Ankafuna kumanga mfuti imodzi yosakira agwape, koma anamwalira asanasankhe.

Mmisiri wa mfuti, mzungu wokalamba amene ankawathandiza, ankati cha Ajeremani ncholimba ndipo chimalowa mumtengo umodzi wathunthu. Mtima wa bambo unali pa cha Angerezi, chifukwa agogo ananyamula mfuti yotero kunkhondo. Koma chimenecho chimafuna mitengo iwiri, wa paphewa ndi wa kutsogolo, ndipo bambo ankamva chisoni kudula thabwa lawo. Linali lofiirira, la mizere yoyenda ngati madzi. Analisalaza miyezi yambiri, ndipo m'mbali mwake munali modera chifukwa cha manja awo.

Nditatsika ndinapeza bambo aang'ono a ku Mississauga atalipanikiza ndi bondo, akulicheka. Ankauza anzawo kuti munthu saikidwa popanda mtanda, ndipo m'nyumba monse sanapeze mtengo wabwino woposa uwu. Ndinaima pamasitepe. Ndinkafuna kunena kuti asiye, koma mtsikana salowerera pa zochita za amuna pamaliro, ndipo ine ngakhale kusukulu mawu amandithawa. Chidutswa chachifupi chinagwa pansi.

"Mwana, takwera ukatitengere tiyi," anatero bambo aang'ono.

Ndinakwera. Ndikuthira madzi m'ketulo ndinamva akukhoma msomali.

Kutacha kunagwa mvula yosakanikirana ndi chipale. Magalimoto anadzaza msewu wathu. Mpunga ndi nkhuku zinaphikidwa pa sitovu yathu ndi ya nyumba yoyandikana nayo, ndipo amayi a mpingo ankadutsa pabwalo ndi mapoto, zitenje pamwamba pa majasi. Azungu ogwira ntchito ndi bambo anabwera ndi maluwa, nasowa pokhala. Ine maso anga anali pa mtanda umene anautsamiritsa pakhomo. Ndinachita manyazi kuti ndikulirira thabwa pamene bokosi la bambo lili patsogolo panga, koma sindikanatha kuleka. Nkhope ya m'bokosimo inali yopakidwa mankhwala, sindinaizindikire bwino. Thabwalo ndinkalidziwa.

Tinayenda pang'onopang'ono, magalimoto onse atayatsa nyali masana. Kumanda tinapeza dzenje lokumbidwa kale ndi makina, dothi litaphimbidwa ndi nsalu yobiriwira. Amuna anapempha mafosholo kuti akwirire okha, anakanizidwa. Kenako wogwira ntchito kumandako anaona mtanda, nanena mwaulemu kuti mitanda ya mitengo saloleza, akaupeza adzauzula ndi kuutaya. Bambo aang'ono anakangana naye mu Chingerezi. Atalephera anaugoneka pamulu wa dothi, nati ukhale pomwepo.

Nyimbo yomaliza itatha, anthu anayamba kubwerera kumagalimoto, mayi anga atagwiridwa mbali zonse. Ine ndinatsalira. Mvula inali kugwera pathabwa. Ndinalitola, ndikulipukuta ndi mpango wanga.

Mmisiri uja anali ataima kumbuyo kwa onse, chipewa kumanja. Anandiyandikira, nayendetsa chala pamene panachekedwa. Kenako anati chitsulo cha Ajeremani chija tsopano sichingalowemonso. Cha Angerezi mwina, ngati msomali sunang'ambe kwambiri ndiponso ngati zidutswazo zingakwane akaziyeza. Sakanalonjeza. Anandiuza kuti ndisalole kuti linyowe. Ndinavula jasi ndikulikulunga.

Bambo aang'ono anandiona ndikufika nalo pagalimoto. Ananditsekereza, nati za kumanda sizibwerera m'nyumba, kodi ndikufuna kuitana maliro ena? Anthu anatembenuka. 

"Si la kumanda, Bambo. Ndi la mfuti ya bambo anga."

Ndinali ndisanalankhulepo chotero kwa munthu wamkulu. Iwo anayang'ana mtandawo, ndipo ndinaona kuti sankadziwa chimene anadula. Anagwira pakamwa. Mayi anatsitsa galasi la galimoto, nati, "Alamu, msiyeni mwanayo." Komabe m'nyumba mayiwo sanalole kuti lilowe. Ndinaliika m'galaja, pamwamba pa matayala.

Tinasamba m'manja pakhomo, anthu anadya, nayamba kutsanzika. Potuluka bambo aang'ono anauza mayi kuti Lamulungu adzabwera kudzachotsa zonse za mfuti, zitsulo ndi mtengo womwe, chifukwa m'nyumba mopanda mwamuna sizikhala. 

Tsopano nyumba ili zii. Mipando sinabwezedwe, ndipo pa kapeti pali madontho a tiyi. Ndapita kugalaja ndi tochi. Pali mng'alu waung'ono wochokera pamsomali, ndipo sindikudziwa kuti walowa mpaka pati. Mawa m'mawa ndigwada kwa mayi ndiwapemphe chilolezo, ndizule msomaliwo pang'onopang'ono ndi hamala ya bambo, ndikwere basi ndi zidutswa ziwirizo kupita kwa mmisiri, akaziyeze Lamulungu lisanafike.