Mmawa Umene Lole Inakana Kunyamula Mwini Wake

Likulu litayamba kusamuka ku Zomba, amuna anga anasiya ntchito yoyendetsa galimoto za boma n'kugula lole yakale ya dizilo kwa mmwenye wina amene ankatseka sitolo yake. Ankati ku Lilongwe njerwa zachuluka koma ozinyamula akusowa. Tinakwera lole yomweyo ndi ana athu awiri, mphasa, mtondo ndi makina anga osokera, n'kukapeza nyumba ya lendi ku Mchesi, kufupi ndi msika waukulu wa ku Old Town.

Nthawi imeneyo kumene kuli maofesi a boma lero kunali fumbi lofiira ndi zitsa za mitengo. Malo okhala mabwana analibe mayina, anali manambala chabe. Bambo a ana ankatuta njerwa ndi mchenga kupita nazo ku Area 11 ndi ku Area 14, kumene ankamanga nyumba zamabwalo aakulu, ndipo madzulo ankabwera ali mbuu, fumbi mpaka m'zikope. Chifuwa chinawayamba chaka chachiwiri. Ankachinyozera, amvekere ndi fumbi chabe, mvula ikagwa chitha.

Lole ija inali ndi khalidwe lake. M'nyengo yozizira sinkalira msanga. M'kati mwa injini yake munali tizitsulo tinayi timene amakaniko amati mahita. Timeneti timayamba tafiira ndi moto wa batire kuti mafuta agwire. Pafupi ndi chiwongolero panali kabowo, m'kati mwake muli kawaya kopotapota. Amuna anga ankapotoza kiyi pang'ono, n'kudikira kuti kawayako kafiire ngati khala, kenaka n'kuliza injini. Ine ndinkamva zonsezi ndili pa mbaula, ndipo ndinkadziwa kuti injini ikalira, iwo ayamba kutsokomola chifukwa cha utsi.

Mvula inagwa, inatha, chifuwa osatha. Anawagoneka m'chipatala dzinja litangodutsa, ndipo anamwalira mwezi wa Julaye. Asanamwalire anandiuza kuti asadzaikidwe m'dothi la kuno.

"Kuno ndinabwera kudzagwira ntchito. Mukandisiye kwathu ku Chingale, pafupi ndi mayi anga."

Achimwene awo aakulu anafika kuchokera ku Zomba pa basi. Nawonso anali dalaivala, ndipo ndiwo anayenera kuyendetsa lole ija paulendo wamaliro. Tinakonza zonyamuka m'bandakucha kuti tikafike dzuwa lisanalowe. Amuna anakweza bokosi kumbuyo, amayi a kumpingo anayala mphasa mbali zonse n'kukhala, atafunda zitenje mpaka kumutu. Kunali nkhungu yoti nyumba ya aneba sinkaoneka bwino. Anthu anayamba nyimbo yotsanzikira.

Alamu anapotoza kiyi. Injini inazungulira, koma sinagwire. Anapotozanso. Kumbuyo kunatuluka utsi woyera wonunkha mafuta osapsa, amayi ena n'kuyamba kutsokomola. Anapotoza mobwerezabwereza mpaka batire inayamba kulefuka, kulira kwake kukumveka ngati munthu wobuula. Nyimbo inatha, wina anayambitsa ina, nayonso inatha. 

Mayi wina wachikulire amene anakhala pambali panga ananong'ona kuti malemu akukana ulendo, kuti mwina pali mawu amene sanawanene. Mawuwo anandilasa. Ndinatsika m'lole ndili chosavala nsapato, ndinapita kutsogolo n'kusuzumira pa kabowo kaja alamu atagwira kiyi. Kawaya kaja kanali kakuda bii.

"Alamu, mahita sakuyaka," ndinatero. "Musapotozenso, mutha batire."

Iwo anafuna kuviika chiguduli m'mafuta, achiyatse, achiike pamene injini imakokera mpweya. Madalaivala ambiri ankatero. Koma kumbuyo kunali bokosi ndi anthu odzaza, ndipo akuluakulu a mpingo anakana. Kukankha nako kunali kosatheka, chifukwa lole inaima potsika, mphuno italoza ku ngalande.

Tinatuma munthu kwa amakaniko ena a Chiyao amene ankakonza galimoto pansi pa mtengo kuseri kwa msika. Anali mnzawo wa amuna anga kuchokera ku Zomba komwe. Anawapeza akutuluka mu mzikiti, ndipo anabwera atavala mkanjo womwewo, m'manja muli sipanala, waya ndi kababu kakang'ono. Anayamba apita kumbuyo, anaima pafupi ndi bokosi kanthawi mutu uli pansi, kenaka anadzandipepesa.

"Mayi, pepani. Tiona chimene chavuta."

Anapinda manja a mkanjo n'kutsegula injini. Anandiuza kuti ndikhale pa chiwongolero ndigwire kiyi pamalo otenthetsera, popeza ndinkapadziwa, alamu awagwirire nyali. Pa lole zakale zija mahita ankalumikizidwa ndi waya mmodzi motsatana, moto n'kumadutsa pa hita yoyamba kupita pa yachiwiri mpaka yomaliza. Imodzi ikafa, onse ankazima, ngakhale kawaya ka pa chiwongolero komwe. Amakaniko aja anagunditsa waya wa kababu pamene moto umachokera ku kiyi, kababu kanayaka. Anagunditsa pa hita yoyamba, kanayaka. Pa yachiwiri, kanayaka. Atadutsa yachitatu, kanazima.

Anaimasula. Nsonga yake inali itapsa n'kuduka, mwaye uli tho. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Malemuwa anandiuza mwezi watha uja kuti imodzi yayamba kufooka," anatero motsitsa mawu. "Anati akatuluka m'chipatala tidzasintha."

Anapita kumsika kukafunafuna ina kwa ogulitsa zitsulo zakale. Ife tinatsala tikudikira. Dzuwa linatuluka, nkhungu inabalalika, anthu opita kuntchito ku City Centre ankadutsa pa njinga n'kumavula zipewa akaona bokosi. Malole ena a njerwa ankadutsa mumsewu waukulu, ena mwa madalaivala ake ankaliza hutala pang'ono pozindikira lole yathu. Mwana wanga wamkazi anandifunsa ngati bambo ake akumva kuzizira m'bokosimo. Ndinangomufunditsa chitenje changa.

Amakaniko anabwerera chimanjamanja. Hita ya mtundu umenewo panalibe msika wonse. Ndiye anabwezera yakufa ija pamalo pake kuti itseke bowo, anadula waya wonenepa wa mkuwa n'kuulumphitsa, kuti moto uzidutsa kuchoka pa yachiwiri kupita pa yachinayi. Anachenjeza kuti mahita atatu otsalawo azilandira moto wochuluka, kiyi isagwiridwe nthawi yaitali kuopa kuti nawo angapse. Batire yathu inali itatheratu. Bambo wina wa ku Rumphi, mkulu wa mpingo amene ankagwira ntchito ku likulu ndipo anabwera kudzatiperekeza, anayandikitsa galimoto yake, ndipo amakaniko anatenga moto pa batire ya galimotoyo.

Ndinagwira kiyi. Kawaya kaja kanayamba kufiira pang'onopang'ono. Amakaniko anafuula kuti, "Lizani!" Injini inagwedezeka, inatsamwa, inagwira mbali imodzi ikunjenjemera thupi lonse, utsi woyera uli tolotolo, kenaka inakhazikika. Palibe anasangalala. Amayi anayambanso nyimbo ija, ine ndinatsika n'kubwerera pa mphasa yanga pafupi ndi bokosi. Apo m'pamene ndinalira kwenikweni, kuposa tsiku limene anamwalira.

"Musailole kuti izizire panjira," amakaniko anawauza alamu. "Mukaima, imani pang'ono."

Tinadutsa ku Dedza mphepo ikuluma, ku Ntcheu, ku Balaka, osaima kupatula pothira mafuta. Ku Chingale tinafika kutada, adzukulu atatopa n'kudikira kumanda, ndipo mwambo unachitika mawa lake.

Maliro atatha, abale a amuna anga anakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana za katundu. Ine anandikhazika patali ndi amayi anzanga. Atandiitana, alamu anandiuza kuti lole ndi ya kubanja kwawo, itsala pamudzi. Ine nditenge makina osokera ndi ziwiya, popeza zimenezo n'zachikazi. Ndinafunsa za ana. Anati ana ndi a kwa mayi awo, amalume awo awaone.

Ndinawauzabe za hita ija, kuti agule ina asanayambe kuyenda nayo, ndiponso kuti asamagwire kiyi nthawi yaitali. Alamu anangogwedeza mutu, maso ali kwina. Ndinamva pambuyo pake kuti anaiyendetsa nyengo yotentha yokha. Chisanu chitabwera mahita otsala aja anapsa, ndipo lole inakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka matayala anaphwa, anthu n'kumamasula zitsulo chimodzichimodzi.

Ine ndinabwerera ku Lilongwe pa basi ndi ana anga. Kwathu kunalibenso munda woti n'kulima, ndipo ku Mchesi ndinali nditayamba kudziwika ndi kusoka. Ndinasamukira m'chipinda chimodzi, ndinapempha malo pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, n'kuyamba kusoka mayunifolomu a ana a anthu amene ankafikabe kuchokera ku Zomba. Mwana wanga wamwamuna anayamba kutsokomola chaka chomwecho, ndipo ndinamutengera kuchipatala tsiku lomwe anayambalo, wapansi, nditamubereka ngakhale anali wamkulu.